Kabuleta ya njinga yamoto pa galimoto: yaikulu si ndiyo yabwino

Pali galimoto zina zokana kufa. Mukafika pamisika ngati Lizulu, Jenda kapena Lunzu mwina mukumanabe ndi kapikiapu ka Nissan 1400 katasenza matumba mpaka kukhala pansi, kapena Toyota Corolla yakalekale ikudikira anthu pansi pa mtengo. Galimoto zimenezi zaphunzitsa ana sukulu ndipo zathamangitsira odwala kuchipatala usiku. Koma zambiri zikudwala nthenda imodzi: kabuleta idatha. Mafuta zikumwa ngati madzi, utsi wakuda uli tolotolo kumbuyo, ndipo m'mawa sizilira popanda kukankha.

Kabuleta yatsopano yeniyeni ya galimoto zoterezi njovuta kupeza. Pamene zinthu zili chonchi, njinga zamoto za kabaza zadzaza paliponse ndipo makabuleta ake akungolendewera m'mashopu pamtengo wofikirika. Nchifukwa chake funso limabwera pagalaja: kodi sitingangotenga kabuleta ya njinga yamoto nkumanga pa galimoto?

Yankho ndi lakuti zimatheka, ndipo anthu akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri. Koma si kabuleta ya njinga iliyonse, ndipo amene wasankha molakwika amataya ndalama, nthawi zina injini, mwinanso galimoto yonse ikagwira moto.

Nzeruyi idakula kwambiri ku Mangalande pakati pa anthu okonda kukonza okha galimoto zakale monga Ford Escort ndi tigalimoto tampikisano tomanga pakhomo. Kale munthu wofuna kuwonjezera mphamvu pa injini yaing'ono ankagula makabuleta awiri a Weber DCOE kapena a Dellorto, a ku Italy, amene amapatsa silinda iliyonse khosi lakelake lopumira. Vuto lidali mtengo. Kenaka anthu adazindikira kuti njinga zamoto zothamanga za ku Japan zimabwera kale ndi makabuleta anayi omangidwa pamodzi, opangidwa mwaluso ndi kampani za Keihin ndi Mikuni, ndipo njinga zikachita ngozi makabuletawo ankagulitsidwa motchipa. Ku South Africa nako, kumene Nissan 1400 idapangidwa mpaka chaka cha 2008, anyamata okonda kukometsa kapikiapuka adaitengera nzeruyi.

Pano pali mfundo yofunika kuigwira msanga. Anthu amenewa sankafuna kupulumutsa mafuta. Ankafuna liwiro, injini yomvera phazi msanga, ndi kulira kwaukali kuja kumene kumatembenuzitsa anthu pamsewu. Amene akufuna kusintha kabuleta kuti thanki izikhalitsa ayambe wadzifunsa kawiri.

Ntchito ya kabuleta njosavuta kuimvetsa. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya. Mpweyawo umadutsa pakhosi lopapatiza, pamene umathamanga kwambiri, ndipo kuthamangako nkumene kumayamwa petulo kuchoka m'kambale kapansi kudzera pa kabowo kotchedwa jeti. Kuti petulo apse bwino, kilogalamu imodzi imafuna mpweya wolemera makilogalamu 14.7, ndipo injini ikamakoka ndi mphamvu zonse imafuna mafuta ochulukirapo pang'ono, pafupifupi 13 kwa 1. Chinsinsi chonse chili pa liwiro la mpweya pakhosipo. Khosi likachepa, injini imabanika. Likakula kwambiri, mpweya umayenda mwaulesi ndipo sutha kuyamwa mafuta bwino. Zili ngati kuthirira dimba ndi paipi: mukatsina kukamwa kwake madzi amafika patali, mukasiya pululu amangogwera pamapazi.

Masamu a mpweya

Anthu ambiri amasankha potengera dzina la njinga kapena kukula kwa kabuleta m'maso. Njira yabwino ndi kuwerenga mpweya umene injini imameza. Injini za galimoto ndi za njinga zimene tikukambazi zimadzaza masilinda ake onse kamodzi pa kuzungulira kuwiri kulikonse. Choncho mutenge kukula kwa injini m'malita, muchulukitse ndi theka la nambala ya kuzungulira kwake pa mphindi imodzi.

Tiyambe ndi Nissan 1400. Injini yake, yotchedwa A14, ndi ya 1,397cc, kapena kuti malita 1.4. Ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi imodzi, pamene ili pafupi ndi polekezera, imafuna mpweya wokwana malita 4,200 pa mphindi. Tsopano tengani njinga yothamanga ya 600cc. Injini yake njochepera theka la ya Nissan, koma imazungulira mpaka ka 13,000, choncho imameza malita 3,900. Mwaona? Nambala ziwirizi nzoyandikana. Ichi ndicho chifukwa chake makabuleta a njinga ya 600cc amagwirizana ndi injini ya galimoto ya 1200 mpaka 1600. Kanjinga kamabwezera kuchepa kwake ndi kuthamanga.

Njinga ya 1000cc ikamazungulira ka 11,000 imameza malita 5,500. Amenewo ndi makabuleta a injini ya galimoto ya malita 1.8 kapena 2. Nanga ya kabaza? Ya 125cc pa 8,000 imameza malita 500 okha. Nambala zonsezi nzapapepala, poti palibe injini imene imadzaza silinda mpaka pakamwa nthawi zonse, koma poyerekeza zimakwanira.

Apa ndiye pagona yankho la funso lija la pagalaja. Kabuleta ya njinga ya kabaza, imene khosi lake limakhala cha m'ma 22 mpaka 26 milimita, ikhoza kulizitsa galimoto. Pa galimoto imagwira ntchito mosapuma chifukwa masilinda anayi amakoka mosinthana, choncho imadutsitsa mpweya woposa umene imadutsitsa pa njinga. Galimoto ilira, iyenda pang'onopang'ono pamalo athyathyathya, mwini wake nkusangalala. Koma isenzeni chimanga muilozetse chitunda, muona ikupuma ngati munthu wa mphumu. Ena amaganiza zomanga anayi a kabaza, imodzi pa silinda iliyonse. Mpweya wake ungokwana theka la umene injini imafuna, kuwonjezera apo muli ndi zingwe zinayi zoti zizikoka mofanana ndendende. Ndi ntchito yaikulu yobala zochepa.

Kulakwitsa kofala kwambiri nkwa mbali inayo. Dzina limene limamveka kwambiri pa nkhaniyi ndi Yamaha R1, njinga imene idatuluka mu 1998 ili ndi makabuleta a Mikuni a 40 milimita, isanasinthe kupita ku fuel injection mu 2002. Makabuleta ake ngabwino zedi pa injini ya malita 2. Pa injini wamba ya 1300 kapena 1400 ngaakulu mopyola. Kusiyana kwa 40 ndi 36 kumaoneka kochepa, koma powerenga bwalo la khosi, la 40 limaposa la 36 pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Zotsatira zake, ponyamuka galimoto imatsamwa, pakati imakhala yaulesi, ndipo imadzuka pokhapokha injini ikakuwa kwambiri. Nanga ndani amayendetsa pikiapu yodzaza matumba pa 6,000 tsiku lonse? Galimoto yantchito imakhalira pakati pa 1,500 ndi 3,500, ndipo kumeneko khosi laling'onopo ndilo limapambana.

Oyenera kufunafuna ndi a njinga za 600cc za m'zaka za m'ma 1990. Honda CBR600F ya kumayambiriro kwa zakazo idali ndi a 34 milimita, ndipo kuyambira 1995 idakhala ndi a 36. Kawasaki ZX-6R idali ndi a 36. Yamaha R6 ya 1999 mpaka 2002 idali ndi a 37. Pa injini ya 1200 kapena 1300, monga 4K ya Corolla ija ya 1,290cc, a 34 ngokwanira. Pa 1400 ndi 1600, a 36 sakhumudwitsa. A Honda Fireblade, a 38, asiyireni injini zokulirapo. Mukakayika pakati pa awiri, tengani aang'onowo. Chaka cha njinga chikhale chodziwika, chifukwa zotuluka pambuyo pake zilibe kabuleta: zili ndi timakosi tooneka mofanana koma tofuna kompyuta ndi pampu yamphamvu.

Mtundu wa kabuleta nawo ngofunika. Mkati mwa kabuleta ya njinga muli kachitseko kokwera ndi kutsika kamene kamanyamula singano yoyeza mafuta. Pa njinga zambiri za kabaza kachitsekoka kamakokedwa ndi chingwe mwachindunji. Dzanja la woyendetsa njinga limapotokola mwapang'onopang'ono, koma phazi la dalaivala limaponda kamodzi n'kamodzi, khosi nkutseguka lonse injini isanakonzeke, galimoto nkutsamwa. Mtundu wabwino pa galimoto ndi wotchedwa CV. Pamenepa phazi limangotsegula kachitseko kena kakumbuyo, ndipo kachitseko ka singano kamakwera kokha, mokokedwa ndi mpweya kudzera pa labala yopyapyala imene ili pansi pa chivundikiro chapamwamba. Kabuleta imadzikulitsa ndi kudzichepetsa yokha malinga ndi njala ya injini. Kukhululuka kumeneku nkumene kumachititsa kuti munthu akalakwitsa kukula pang'ono zinthu ziziyendabe.

Amakaniko achikulire sangadabwe nazo. Makabuleta a SU a pa Morris Minor ndi Mini ankagwira ntchito mwanjira yomweyi, ndipo Datsun 1200 GX idatuluka kufakitale ndi makabuleta awiri a Hitachi a mtundu umenewu. Nzeru yake njakale, a ku Japan adangoisalaza.

Musanagule chilichonse, werengani mabowo olowera mpweya pa hedi ya injini yanu. A14 ili nawo anayi, choncho makabuleta anayi amakwana. Injini ya Mini yakale ili ndi awiri okha, bowo limodzi kudyetsa masilinda awiri, ndiye anayi alibe pokhala. Injini ya masilinda atatu, ngati ya Maruti 800, imafuna atatu. Palinso njira ina yosatchuka koma yanzeru: kabuleta imodzi yaikulu ya CV pa manifodi imodzi. Ku America eni ake a Suzuki Samurai ya 1300 akhala akumanga Keihin ya 40 milimita yochokera pa njinga za Harley-Davidson. Apa 40 si yaikulu chifukwa ili yokha ndipo ikudyetsa masilinda onse anayi. Palibe zolinganiza anayi, chingwe nchimodzi, ndipo kwa munthu wa galimoto yantchito njira imeneyi njomveka kuposa ya anayi ija.

Kabuleta ndi chiyambi chabe

Amene wagula makabuleta asaganize kuti wamaliza kulipira. Choyamba ndi manifodi. Masilinda a njinga ngothithikana kuposa a galimoto, ndiye pamafunika wowotcherera waluso kupanga mapaipi anayi otambasuka kuchoka pa makabuleta kukafika pa hedi, otalika mofanana momwe zingathekere, ndi chitsulo chokhuthala chosalala bwino pokhudzana ndi hedi. Pakatsala kampata koba mpweya, silinda imeneyo iziyenda ndi mafuta ochepa mpaka valavu kupsa. Makabuleta a njinga zothamanga amakhala mopendekeka, ndipo kupendekeka komweko kuyenera kusungidwa pa galimoto kuti timbale ta mafuta tikhale chilili monga tidalili pa njinga. Mukawagoneka molakwika, fuloti sitseka pamalo pake. Ndipo pa A14 ndi 4K, mbali yolowera mpweya ndi yomweyo yotulukira utsi. Ndiye kuti timbale ta petulo tikhala pamwamba pa paipi yotentha. Chitsulo chotchinga kutentha pakati pake si chokongoletsa.

Chachiwiri ndi pampu, ndipo apa mpamene pamachokera moto. Njinga zambiri mafuta amangotsika okha kuchoka m'thanki, zina zili ndi kapampu kofooka. Tisingano totseka mafuta m'makabuleta amenewa tidapangidwira mphamvu yochepa, cha m'ma 2 mpaka 3 psi. Pampu ya galimoto ikhoza kupyola pamenepo, ndipo ya fuel injection imakankha kuposa 40 psi. Ikakankha mopyola, mafuta amasefukira ndi kudonthera pa ekizozi. Njira yabwino ndi kugula kapampu ka magetsi ka njinga yomweyo, kamene kamaima kokha timbale tikadzaza, kapena kuika chochepetsa mphamvu pakati. Tipaipi totulutsa mafuta osefukira tilozetsedwe pansi, kutali ndi chotentha chilichonse.

Chachitatu chimakhudza moyo wa banja lonse limene likwere galimotoyo. Galimoto zokhala ndi busita ya mabuleki zimadalira kukoka kwa mpweya kwa m'manifodi kuti buleki ikhale yofewa. Mukachotsa manifodi yakale mwachotsanso pamene paipi ya busita inkalumikizika. Pa manifodi yatsopano payenera kubooledwa polumikiza, ndipo kavalavu kolola mpweya kupita mbali imodzi kakhalepo. Woiwala zimenezi amazindikira potsetsereka, phazi likuponda chinthu cholimba ngati mwala. Distributor nayo ili ndi kapaipi kake kothandiza moto kubwera msanga injini ikamayenda mopepuka. Ambiri amangokatseka, galimoto nkumayenda ndithu, koma mafuta amapita ambiri. Kukalumikiza ku silinda imodzi sikuthandiza chifukwa kukoka kwake nkodukizadukiza. Pamafunika kutenga ku mapaipi onse anayi nkusonkhanitsa m'kabotolo kamodzi kachitsulo. Pomaliza pa mbali imeneyi, njinga zambiri zili ndi zingwe ziwiri, chotsegula ndi chotseka, pamene galimoto ili ndi chimodzi. Onjezani sipuling'i ina yobweza kuti mafuta asakakamire otsegula.

Ndiye pali majeti. Palibe makabuleta a njinga amene amangomangidwa nkuyenda bwino tsiku lomwelo. Silinda imodzi ya 1400 ndi ya 350cc pamene ya njinga ya 600 ndi ya 150cc, kakokedwe kake nkosiyana, ndipo bokosi la mpweya la njinga lija, limene makabuleta a CV adalizolowera, palibenso. Kawirikawiri jeti yaikulu imayenera kukulitsidwa, singano kukwezedwa kapena kutsitsidwa, ndipo anayiwo kulinganizidwa ndi mageji kuti azikoka mofanana. Nambala za majeti a Keihin ndi a Mikuni sizitanthauza chinthu chimodzi, choncho musasakanize. Ena amaboola majeti ndi tizitsulo toboolera tating'ono, koma bowo likakula silibwerera. Yambani ndi mafuta ochulukirapo muzitsika pang'onopang'ono. Mafuta akachuluka mutaya ndalama ndi kudetsa mapulagi. Akachepa, injini imatentha mpaka pisitoni kubooka. Pulagi yakuda ndi mwaye ikunena kuti mafuta achuluka, yoyera mbee ikuchenjeza kuti achepa. Chida choyeza mpweya wa mu ekizozi, chotchedwa wideband, chimanena zoona kuposa maso, ndipo makaniko amene ali nacho ndiye woyenera kumufuna.

Nambala za majeti zimene mungapeze pa intaneti zambiri nzochokera kwa anthu a ku Mangalande, okhala pafupi ndi nyanja yamchere. Kuno zinthu nzosiyana. Mpweya umapepuka pafupifupi 10 pa 100 aliwonse munthu akakwera mamita 1,000. Lilongwe ili pamtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000, Dedza ili cha m'ma 1,600, pamene Nchalo ndi Nsanje zili pansi pa mamita 100. Galimoto yochunidwa mothinitsa mafuta ku Dedza ikatsikira ku Chigwa cha Shire, kotentha kale, ikhala ikuyenda ndi mafuta operewera. Makabuleta a CV amadzikonza pang'ono pa zimenezi koma osati kotheratu. Komanso petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa idayamba ntchito. Mafuta osakaniza amafuna jeti yokulirapo pang'ono, ndipo sagwirizana ndi malabala akale amene akhala zaka makumi awiri ali gone.

Fumbi ndi mdani wina. Pazithunzi za m'magazini makabuleta amenewa amaoneka okongola ali pakamwa pululu kapena atavala timasokosi tasiponji. Zimenezo nza pamsewu wa mpikisano. Pamsewu wafumbi wa mwezi wa October, injini yopuma chonchi ikhala ikumeza mchenga umene umapala masilinda. Pamafunika bokosi lotseka bwino ndi sefa yeniyeni ya pepala, ndipo muyeze ngati boneti itsekeka zonsezi zitalowa. Pa galimoto zina malo amathera pa busita ya mabuleki kapena pa batire.

Eni ake a Vitz, Passo, Mira ndi zina zobwera kuchokera ku Japan zaka zino nkhaniyi siikuwakhudza. Zimenezo nza fuel injection, ndipo kompyuta yake imalamuliranso moto wa mapulagi, pa zina imalankhulana ndi giyabokosi. Kuchotsa zonsezo chifukwa sensa imodzi yafa nkuwononga galimoto yabwino.

Nanga mwini Nissan 1400 amene akungofuna kuti galimoto isiye kumwa mafuta? Kunena zoona, ayambe ndi kabuleta yake yomweyo. Nthawi zambiri chimene chatha ndi fuloti, kasingano kake, magasiketi, kapena kamtengo ka chitseko kamene kayamba kugwedera ndi kuba mpweya. Zimenezi zimakonzeka pamtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi makabuleta anayi, manifodi, pampu, majeti ndi masiku a makaniko. Njira ya njinga yamoto njoyenera munthu amene kabuleta yake yafa kotheratu, kapena wokonda galimoto yake amene ali ndi nthawi ndi ndalama zoseweretsa. Iyenso akumbuke kudziwitsa a inshulansi kuti injini yasinthidwa.

Makabuleta a 600cc sapezeka wamba kuno. Ambiri amachita kuitanitsa kudzera kwa abale a ku Joni kapena ku Mangalande, ndipo onse ndi akale, opitirira zaka 20. Paja amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wokugulirani atsegule zivundikiro zinayi zapamwamba ayang'anitse labala iliyonse padzuwa. Kabowo kangachepe bwanji, kachitseko ka silinda imeneyo sikakwera bwino, ndipo malabala enieni ngodula. Akankhe kachitseko kalikonse ndi chala: kazikwera mosakakamira ndi kutsika mofewa, tonse tinayi mofanana. Atsegule timbale tapansi aone ngati mulibe zobiriwira kapena zoyera za mafuta oola. Aone zomangira zochunira ngati mitu yake siidaphwanyike. Ndipo aumirire kuti wogulitsa apereke malabala anayi olumikizira ku injini, chingwe cha choko ndi kapampu ka njingayo, chifukwa kuzifuna pazokha pambuyo pake kumadula, ndipo popanda malabalawo wowotcherera alibe poyezera mapaipi a manifodi.